Musamubweze munthu pa mayeso chifukwa choti galimoto yake ndi yakale

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya anthu amene amafuna kukayesedwa zoyendetsa galimoto atakwera galimoto yawoyawo, makamaka ikakhala ija yakalekale ya zaka 40, 50 olo kupitirira apo, zija ena amazitcha ma classic. Maganizo anga ndi awa: munthu ameneyu amulole ayesedwe, bola galimotoyo ikhale kuti ili bwino pamsewu komanso woyesa uja akhala motetezeka m'menemo. Chaka chimene inapangidwa chisakhale chifukwa chomubwezera munthu, ayi. Aione galimotoyo mmene ilili lero, mabuleki ake, matayala, malamba, magetsi, kenako anene kuti iyi yayenera kapena iyi ayi ndipo chifukwa chake ndi chakuti.

Ndikudziwa kuti ambiri akangomva nkhaniyi amayamba ndi kuseka, amati iwe bwanji osangobwereka ya ku sukulu yoyendetsa galimoto ngati anzako, ukufuna kuonetsa chani. Koma taganizani kaye, mayesowa cholinga chake ndi chani kwenikweni? Si kuona ngati munthuyu angathe kuyenda pamsewu osapweteka anthu ena komanso osadzipweteka yekha? Ndiye ngati galimoto imene ali nayo pakhomo, imene akaikwere mawa lake akangolandira laisensi, ndi Peugeot 404 kapena Morris Minor kapena Datsun 120Y, nzeru yake ili pati yomuyesa pa kagalimoto ka chaka chatha kokhala ndi kamera kumbuyo, kolira kokha ukayandikira khoma, chiwongolero chopepuka choti olo chala chimodzi chikhoza kuchizungulitsa, kenako n'kumupatsa pepala kuti wakhoza zipita, iye n'kukakwera galimoto ina yosiyana kotheratu imene palibe woyesa aliyense anamuonapo akuiyendetsa? Kwa ine pamenepo ndi pamene pali ngozi yeniyeni. Woyesa waona munthu wina, pamsewu pakuyenda munthu wina.

Ndipotu malamulo m'maiko ambiri amavomereza kale kuti mtundu wa galimoto imene wayesedwera uli ndi tanthauzo. N'chifukwa chake ukayesedwa pa otomatiki amakupatsa laisensi ya otomatiki yokha, sungakagwire ya magiya mpaka utayesedwanso. Ganizo lake ndi lomweli, loti zimene waonetsa kuti umatha ndi zimene akulole kuchita. Nde munthu akabwera ndi galimoto yovuta kuposa zinzake n'kunena kuti ndiyeseni pa iyi, sindikuona chifukwa chomuonera ngati wabwera kudzasewera.

Ineyo ndinaphunzirira pa Volkswagen Beetle ya m'ma 1970 ndipo mayeso ndinakayesedwera momwemo, choncho zimene ndikunenazi ndinazigwira ndi manja. Galimoto imeneyi injini yake ili kumbuyo, ilibe radiyeta, imazizira ndi mpweya basi. Pa dashibodi pali sipidomita, geji ya mafuta ndi timagetsi tingapo, kwatha. Kagetsi ka jenereta kakayaka uli paulendo umaima pompo osadikira, chifukwa lamba amene amazungulitsa jenereta ndi yemweyo amene amazungulitsa fani yoziziritsa injini, akaduka injini imapsa mu kanthawi kochepa. Rivesi salowa wamba, umayamba wakankhira ndodo ya giya pansi kenako kumanzere n'kukokera kumbuyo. Madzi otsukira galasi lakutsogolo alibe mota, amakankhidwa ndi mpweya wochokera mu tayala la sipeya, ndiye ukaiwala kupopa sipeya madzi satuluka. Yanga mawilo onse anayi ndi a madramu, palibe chothandizira kuponda buleki, mphamvu yonse imachokera mu mwendo wako. Zonsezi munthu umazidziwa chifukwa galimotoyo siikubisira kanthu, chilichonse ikuchita umachimva mu chiwongolero ndi mu mpando ndi m'makutu.

Ndipo si kuti ndi galimoto yachilendo iyi. Ma Beetle anapangidwa oposa 21 miliyoni, yomaliza inatuluka mu fakitale ya ku Puebla ku Mexico mu 2003. Peugeot 504 inayamba mu 1968 ndipo ankaimangabe ku Kenya ndi ku Nigeria mpaka zaka za m'ma 2000. Anthu mamiliyoni anaphunzirira pa magalimoto amenewa, anayesedwera momwemo, ena mwa iwo ndi amene lero akuphunzitsa anzawo. Msewu sunasinthe mpaka kufika poti galimoto imene inali yabwino kuyesedwera nthawi imeneyo lero ikhale yosatheka n'komwe.

Komabe pali mbali imene otsutsa akunena zoona ndipo sindikufuna kuizemba. Woyesa ndi munthu, ali ndi banja lake, tsiku lililonse amakwera m'galimoto ndi anthu osadziwana nawo amene sanakhozebe mayeso, ena akunjenjemera ndi mantha. Mu galimoto ya ku sukulu amakhala ndi buleki ndi kilachi kumbali kwake, zikavuta amaponda yekha. Mu galimoto yako alibe zimenezo, chimene angagwire ndi handibuleki basi, ndipo magalimoto ena akale handibuleki yake ili pansi pa dashibodi kufupi ndi bondo la dalaivala kapena kumbali ya chitseko cha dalaivala kumene woyesa sangafikeko. Ameneyu ali ndi ufulu wonse wofunsa kuti moyo wanga pano uli bwanji.

Magalimoto akale ambiri anapangidwa nthawi imene nkhani ya chitetezo inali isanafike pomwe ili lero. Lamba wa mbali zitatu uja tonse timamanga pano anayamba ndi a Volvo mu 1959, anamupanga ndi injiniya wawo Nils Bohlin, ndipo zinatenga zaka kuti makampani ena onse ayambe kuika. Zotsamira mutu zija zimateteza khosi wina akakugunda kumbuyo zinakhala lamulo pa magalimoto atsopano ku America mu 1969. Mabuleki a ABS oyendera kompyuta, aja oletsa mawilo kumangika ukaponda mwamphamvu, anatchuka ndi Mercedes-Benz S-Class mu 1978 koma pa magalimoto wamba anafika mochedwa kwambiri. Komanso pali bodza lina limene ife eni magalimoto akale timakonda kuuzana, lakuti zakale zinali zachitsulo chenicheni ndiye pa ngozi zimateteza kuposa zamakono zopindika msanga. Si zoona zimenezo. Mu 2009 bungwe la ku America la Insurance Institute for Highway Safety linawombanitsa Chevrolet Bel Air ya 1959 ndi Chevrolet Malibu ya 2009 kuti anthu aone okha. Yakale ija inaphwanyika mpaka mkati mokhala anthu, chiwongolero kubwerera kwa dalaivala, pamene yatsopano ija kutsogolo kunapindika koma mokhala dalaivala munatsala bwinobwino. Kupindika kuja n'kwadala, kumameza mphamvu ya ngozi isanafike pa thupi la munthu. Choncho woyesa akakana kukwera galimoto yopanda lamba kapena yopanda chotsamira mutu, ine ndili mbali yake, ndipo mwini galimoto asakwiye.

Koma onani kuti zonse ndatchulazi ndi zinthu zoti munthu akhoza kuziona ndi maso n'kuzigwira. Lamba alipo kapena palibe. Chotsamira mutu chilipo kapena palibe. Buleki ikugwira kapena sikugwira. Palibe pamene pakufunika kufunsa chaka.

Chitsanzo chabwino ndi cha ku Britain, kumene mayeso oyendetsa galimoto akhala okakamiza kuyambira 1935. Kumeneko bungwe loona za mayeso la DVSA linalemba poyera zimene galimoto yako iyenera kukhala nazo ukafuna kuyesedwera momwemo. Ikhale ndi inshuwalansi yovomereza kuti igwiritsidwe ntchito pa mayeso, ikhale yoyenera pamsewu, matayala akhale osaperepeseka, pa dashibodi pasayake kagetsi kochenjeza za vuto, ikhale ndi zikwangwani za L kutsogolo ndi kumbuyo, pakhale kagalasi kena koonera kumbuyo ka woyesa, mpando wa woyesa ukhale ndi lamba komanso chotsamira mutu chenicheni osati chongovekera pamwamba, ndipo izitha kuthamanga mamailosi 62 pa ola amene ndi pafupifupi makilomita 100. Mabuleki a mbali ya woyesa sakakamiza ngati galimotoyo ndi yako. Chochititsa chidwi n'chakuti pa mndandanda wa magalimoto amene anawakaniratu pali amakono ndithu ngati Toyota iQ ndi Ford KA yovundukula denga, chifukwa chake n'chakuti woyesa saona bwino mbali zonse akakhala mkatimo. Ndiye mukuona, muyeso wake ndi woti woyesa akuona, watetezeka, galimoto ikutha kuyenda ndi zinzake pamsewu. Galimoto ya 1972 yosamalidwa bwino ikhoza kudutsa pamenepa, ya zaka zisanu yosasamalidwa n'kulephera. Komanso pa nkhani yoona kunja, magalimoto akale ambiri amaposa amakono, mizati yake ya m'mbali mwa galasi ndi yopyapyala, mawindo akuluakulu, ukacheuka umaona ngodya zonse za galimoto.

Tsopano ndiyankhule ndi anzanga amene muli ndi maganizo okayesedwera pa galimoto yanu yakale, chifukwa nafenso pena timaononga tokha nkhaniyi pobwera ndi galimoto yosakonzeka n'kumayembekeza kuti atimvere chisoni poti ndi yokongola.

Yambani ndi kufunsa ku ofesi yoyesa ya kwanuko nthawi ikadalipo, osati m'mawa wa tsiku la mayeso. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, kwina salola n'komwe galimoto ya munthu payekha, amafuna ya sukulu yokha. Funsaninso a inshuwalansi, chifukwa inshuwalansi zambiri za magalimoto akale zimakhala ndi malire, zina sizilola wophunzira kugwira chiwongolero, zina zimafuna dalaivala wa zaka zakutizakuti kapena amene wakhala ndi laisensi kwa nthawi. Izi zizidziwika musanalipire mayeso. Ndipo olo kwanuko galimoto yakale ikhale kuti siikakamizidwa kupita kokaunikidwa chaka ndi chaka, ngati mmene zilili ku Britain pa magalimoto ambiri opitirira zaka 40, inu ipititsenibe kwa makaniko wodziwa ntchito aione pansi ponse. Kumasulidwa ku lamulo sikukonza buleki.

Ma indiketa ndi pamene ambiri amagwera. Magalimoto ena a m'ma 1950 analibe magetsi ophethira aja, anali ndi timikono timene timatuluka m'mbali mwa galimoto pafupi ndi chitseko n'kuyaka, Morris Minor zoyambirira ndi ma Beetle akale zinali choncho. N'zokongola ndithu koma dalaivala wa lero amene ali kumbuyo kwanu sakuyang'ana pamenepo, maso ake ali pa magetsi a kumbuyo. Ikitsani ophethira, zimatheka osaononga maonekedwe a galimoto. Enanso ma indiketa ake sazima okha ukamaliza kukhota, ndiye dzanja lizizolowera kuzimitsa lokha osaganizira, chifukwa kuyenda ndi indiketa ili chiyakire kumanamiza anthu pa mphambano ndipo woyesa amalemba pomwepo. Zizindikiro za manja zidziweninso, zimathandiza. Magalasi a m'mbali nawo, magalimoto ambiri akale anatuluka ndi limodzi lokha la mbali ya dalaivala, ena opanda n'komwe, ena ali kutali pamwamba pa madigadi ndipo ndi tating'ono. Onjezerani. Ngati galimotoyo ikadali pa magetsi a mavoti 6 ngati ma Beetle a chisanafike 1967, onetsetsani kuti mawaya ndi oyera ndipo magetsi a buleki akuwala mokwanira masana dzuwa likuswa mtengo.

Pa mabuleki ndiye ndikhalitsepo pang'ono chifukwa apa ndi pamene pali moyo. Mabuleki a madramu akasinthidwa bwino amaimitsa galimoto ndithu, koma amafuna mtunda wautali kuposa amakono, akatentha potsika phiri lalitali amafooka, akanyowa amachedwa kugwira, ndipo mbali imodzi ikamangika kuposa inzake galimoto imakokera kumbali ukaponda mwamphamvu. Magalimoto ambiri a chisanafike kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta a buleki, kutanthauza kuti paipi imodzi ikaboola mawilo onse anayi ataya buleki nthawi imodzi. Choncho mapaipi a labala aja akakhala akale asintheni olo akuoneka abwino kunja. Ndiye pa mayeso pamakhala kuimitsa mwadzidzidzi kuja woyesa amakweza dzanja kapena kumenya dashibodi. Pa galimoto ya ABS amakuphunzitsa kuti ponda mwamphamvu usachotse phazi, kompyuta ichita zotsalazo. Pa yakale ukatero mawilo amamangika, matayala n'kuyamba kukhukhuluzika, ndipo tayala limene likukhukhuluzika silimvera chiwongolero. Umayenera kuponda mwamphamvu koma ukumvetsera, ukangomva kuti amangika umamasula pang'ono n'kupondanso, kilachi umaiponda kumapeto kuti injini isazime. Izi sizibwera powerenga buku, zimafuna kuyeserera kambirimbiri pamalo opanda anthu, pouma ndi ponyowa pomwe, mpaka phazi lizidziwa lokha. Ngati amene akukuphunzitsani anazolowera zamakono zokha mukumbutseni kuti galimoto yanu ilibe ABS asakuphunzitseni za galimoto ina.

Chiwongolero chopanda pawa nachonso chimasintha kachitidwe konse ka kupaka ndi kutembenuka. Galimoto itaima chimalemera zedi, makamaka zija za injini yaikulu kutsogolo, ndiye chinsinsi chake n'kuzungulitsa galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, kilachi ili pakati, osati itaima. Zimafuna kuti uyambe kukhota msanga ndipo uzidziwa kuti chiwongolero chako chimazungulira kangati kuchoka mbali ina kufika ina. Chikakhala ndi kamasewera kambiri pakati, koti ukuchigwedeza koma mawilo sakuyankha, kameneko si khalidwe la galimoto yakale ayi, ndi vuto, kakonzetseni.

Magiya nawo ali ndi zawo. Land Rover zakale za chisanafike Series III ya 1971 zinalibe sinkro, kachipangizo kothandiza giya kulowa osakukuta, pa giya wani ndi thuu, ndiye kuti usinthe osakukuta umaponda kilachi kawiri, kutulutsa giya, kusiya kilachi, kuthira moto pang'ono ngati ukutsika giya, kupondanso n'kulowetsa. Magalimoto ena ambiri a nthawi imeneyo giya wani salowa pokhapokha utaima kotheratu, ndipo izi zimakhudza mmene umafikira pa raundabauti kapena pa mphambano yopatsa mpata, umayenera kusankha msanga kuti ndiima kapena ndipitirira ndi thuu. Peugeot 404 ndodo ya giya ili pa chiwongolero. Zonsezi si zoletsa munthu kukhoza, koma dzanja likhale kuti linazolowera moti maso sakuchoka pamsewu kukafunafuna giya.

Kunyamuka pa chitunda n'chimodzimodzi, palibe kompyuta yokugwirira galimoto masekondi awiri ngati zamakono, ndi iwe, kilachi ndi handibuleki. Handibuleki ikhale yogwira zenizeni, yoti galimoto itanyamula anthu awiri pa chitunda siitsetsereka olo pang'ono.

China chimene anthu amaiwala ndi choki, chija umakoka kuti injini yozizira ilandire mafuta ambiri ndi kulira mosavuta. Galimoto ya kabyuleta ikazizira imavuta, imatsokomola, imazima pa mphambano. Pa malo a mayeso umatha kudikira nthawi yaitali injini ili chizimire, ndiye fikani mutaiyendetsa mokwanira kuti itenthe, ndipo dziwani mmene yanuyo imalirira ikakhala yotentha, chifukwa zina zikatentha ndi pamene zimavutanso kulira ukazimitsa kwa mphindi zochepa. Mudziwe pobwezera choki, kuyenda nacho chili chikokere kumamiza mapulagi ndi mafuta. Batire likhale lamphamvu. Galasi likachita nthunzi mkati tsiku la mvula, ma hita a magalimoto akale ambiri ndi ofooka, ndiye tsegulani tiwindo tating'ono ta m'ngodya tija msanga ndipo kansalu koyera kakhale pafupi musananyamuke. Mawaipa asinthireni labala. Mkati mukhale mwaukhondo, musamanunkhe petulo kapena utsi wa ekizozi, woyesa akamva fungo limenelo ali ndi chifukwa chomveka chotsikira.

Ndipo galimoto ikafa pakati pa mayeso, mayeso athera pomwepo ndipo m'malo ambiri ndalama zapita, uyambirenso kulembetsa. Walira mvula walira matope, amene wasankha yakale avomerezenso zimenezi osakangana ndi woyesa. N'chifukwa chake ndimati ngati galimoto yanu ndi ija imalira lero mawa ayi, kapena mwangoitulutsa kumene mu galaja itakhala zaka osayenda, musaipititse ku mayeso. Iyende kaye miyezi ingapo tsiku ndi tsiku mavuto ake onse atuluke akonzedwe. Ngatinso siitha kufika liwiro la msewu waukulu mosavutikira, monga zija za injini yaing'ono kwambiri za m'ma 1950, ivomerezeni kuti si ya mayeso, chifukwa kuyenda pang'onopang'ono kwambiri mpaka kumanga mzere kumbuyo ndi cholakwa pa mayeso ndipo n'koopsanso pamsewu.

Sindikunena kuti aliyense wophunzirira pa galimoto yakale amakhala dalaivala wabwino kuposa anzake, ndawaonapo ena oyendetsa zakale mosasamala. Ndikunena kuti galimoto yakale imakukakamiza kuchita zinthu zimene woyesa aliyense amafuna kuona: kusiya mpata waukulu pakati pa iwe ndi wakutsogolo chifukwa ukudziwa kuti suima msanga, kuyang'ana patali n'kuganiziratu, kucheuka ndi khosi pobwerera m'mbuyo poti palibe kamera, kusadumphira mu mphambano pa kampata kakang'ono poti injini yako ilibe mphamvu yokupulumutsa. Ndimalangizanso kuti wophunzira wotere akwereko yamakono maulendo angapo ndi mphunzitsi, chifukwa phazi lozolowera buleki yolimba likaponda buleki yamakono koyamba limaimitsa galimoto mwankhanza, ndipo laisensiyo ikamulola kuyendetsa zonse.

Kwa oyesa ndili ndi pempho. Ambiri mwa inu ndinu achinyamata kuposa magalimoto amenewa ndipo si mlandu kuti simunawakwerepo. Koma musamuchotsere munthu mamalikisi pa zinthu zimene ndi chibadwa cha galimoto. Injini ya Beetle imasokosera olo ili bwino. Giya wani wa galimoto yopanda sinkro amalira. Munthu akaponda kilachi kawiri sakusokonezeka, akuchita zoyenera. Akafika pa mphambano n'kuyamba kuchepetsa liwiro patali kuposa mmene munazolowera, muoneni ngati akuchita mwadongosolo osati mwamantha. Mukamufunsa mafunso a pansi pa boneti aja, kuti tandionetse poonera madzi a injini, n'kukuyankhani kuti iyi ilibe madzi imazizira ndi mpweya, ndimaona oilo ndi lamba wa fani, ameneyo wayankha bwino kuposa woloweza. Tsiku langa la mayeso amene anandiyesa anatenga mphindi zochepa tisananyamuke kundifunsa kuti handibuleki ili pati, lamba amamangidwa bwanji, chitseko chimatseguka bwanji mkati, ndipo anandiuza ndiponde buleki aone magetsi kumbuyo. Zinali zokwanira, ndipo ndinamva kuti akundiyesa ine osati zaka za galimoto. Koma ndikudziwa ena amene anabwezedwa pa geti galimoto isanaonedwe n'komwe, kungouzidwa kuti iyi ndi yakale kwambiri bwerani ndi ina, osawapatsa chifukwa china chilichonse. Zimenezo zimapweteka, makamaka kwa munthu amene galimoto imeneyo ndi yokhayo ali nayo, mwina anamusiyira bambo ake kapena agogo ake, waikonza yekha pang'onopang'ono, ndipo kubwereka ya sukulu ndi ndalama zina pamwamba pa zimene walipira kale.

Mbali inayo, musamufewetsere munthu poti galimoto yake yakusangalatsani. Akalephera kuyang'ana pagalasi walephera, akadutsa loboti yofiira walephera, akatsetsereka pa chitunda mpaka kuopseza wakumbuyo walephera. Ife sitikupempha mayeso ofewa.

Kwa akuluakulu oyendetsa mayeso kulikonse kumene muli, lembani poyera zimene galimoto ya munthu iyenera kukhala nazo, mndandanda waufupi womveka, muupachike pa ofesi ndi pa intaneti kuti munthu asanalipire adziwe ngati yake ikukwanira. Mulole kuti amene akukayika abweretse galimoto yake tsiku lina mayeso asanafike, woyesa aizungulire, akhale pa mpando, akoke lamba, anene zoti zikonzedwe. Ndipo mukaikana tsiku la mayeso mulembe chifukwa chake pa pepala, kuti palibe chotsamira mutu, kapena tayala lakumanzere latha, kapena indiketa sikuoneka, kuti mwini wake apite kwa makaniko akudziwa chokakonza n'kubweranso.

Ndine wowerenga wanu,
Mwini Beetle yakale